MINGA, CHUBU NDI MADZI OMATA MATAYALA A NJINGA

 Nkhani yathu ya lero ikukhudza njinga ya kapalasa, imene ambiri a ife timaidalira tsiku ndi tsiku. Mlimi amanyamulirapo feteleza ndi chimanga, mphunzitsi amapitira ku sukulu, wakabaza amapezerapo chakudya cha ana ake, ndipo m'midzi yambiri wodwala amafika ku chipatala atakhala pa kaliyala. Komatu njinga yothandiza chotereyi imagonja kwa kanthu kakang'ono zedi. Munga umodzi wa mthethe kapena wa kankhande ukalasa tayala, ulendo wathera pomwepo, ndipo mwini wake amayamba kukankha njinga imene inayenera kumunyamula.

M'maiko ena anthu anapeza njira ziwiri zochepetsera vutoli. Yoyamba ndiyo kuthira m'gudumu madzi omata, amene pa mabotolo a m'sitolo amalembedwa kuti sealant. Yachiwiri ndiyo kuyendetsa njinga pa tayala lopanda chubu, limene amalitcha tubeless. Njira ziwirizi zimayendera limodzi, koma si chinthu chimodzi ayi. Lero tifotokoza m'mene iliyonse imagwirira ntchito, pamene mphamvu yake imalekezera, ndiponso njinga imene ili yoyenera njira iliyonse, kuti wina asataye ndalama, ngakhalenso kuvulala, chifukwa chongomva theka la nkhani.

Kumene tayala la mpweya linachokera

Njinga zoyamba zinkayenda pa magudumu a mtengo okutidwa ndi chitsulo, kenaka pa mphira wolimba wopanda mpweya. Matayala otero sankaphwa, koma wokwera ankamva mwala uliwonse m'mafupa mwake. Mu 1845 Robert William Thomson wa ku Scotland analembetsa ku boma luso la tayala lopopa mpweya, koma anthu a nthawi imeneyo sanalilabadire. Patapita zaka zoposa 40, John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto amene ankagwira ntchito mu mzinda wa Belfast, anapangira mwana wake matayala a mpweya pa kanjinga ka magudumu atatu, nalembetsa lusolo mu 1888. Mu 1891 abale awiri a ku France, Édouard ndi André Michelin, anapanga tayala lotheka kulivula ndi kulibwezera pa limu, ndipo chaka chomwecho Charles Terront anapambana nalo mpikisano wochoka ku Paris kukafika ku Brest ndi kubwerera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200.

Kuyambira pamenepo ntchito inagawidwa pawiri. Tayala ndilo limaponda pansi ndi kulimbana ndi msewu, pamene chubu, chimene chili chopyapyala, chimasunga mpweya m'kati. Chubu chikangobooka, kaya bowolo ndi laling'ono ngati la singano, mpweya umatuluka.

Njira zinayi zimene tayala limaphwera

Tisanakambe za mankhwala tiyambe tadziwa matenda. Njira yoyamba ndiyo imene tonse tikuidziwa: munga, msomali, kawaya kapena kachidutswa ka botolo kamalowa kumsana kwa tayala, kumene kumaponda pansi, n'kukalasa chubu. Bowo lake limakhala limodzi ndiponso laling'ono.

Njira yachiwiri imachitika pamene mpweya wachepa kapena katundu walemera kwambiri. Gudumu likagunda mwala kapena likagwera m'dzenje, tayala limafwamphuka mpaka limu limatsina chubu. Mukachitulutsa mumapeza mabowo awiri oyandikana, onga pamene njoka yaluma. Ambiri amanamizira munga, chonsecho wolakwa ndi mpweya wochepa.

Njira yachitatu imachokera m'kati mwa gudumu lenilenilo. Mutu wa sipoko ukatuluka, kapena lamba wa mphira wophimba mitu ya masipoko akaduka kapena kusuntha, chubu chimabooka cha kumimba, mbali yoyang'ana ku limu. Dzimbiri la pa limu nalo limachita chimodzimodzi.

Njira yachinayi ndiyo kung'ambika kwa tayala, makamaka m'nthiti mwake, chifukwa cha kukalamba, dzuwa kapena mwala wakuthwa. Chubu chimatumphukira pong'ambikapo n'kuphulika ndi phokoso.

Sungani njira zinayizi m'mutu, pakuti tibwerera kwa izo. Madzi omata amathana ndi njira yoyamba yokha. Tayala lopanda chubu limathana ndi yoyamba, limachepetsa kwambiri yachiwiri, ndipo yachitatu silimaidziwa n'komwe. Koma yachinayi palibe botolo limene lingaichiritse.

Madzi omata ndi m'mene amagwirira ntchito

Madzi omata alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba umapangidwa ndi utomoni wa mphira. Inu a ku Nkhata Bay mumaudziwa utomoni umenewu, chifukwa pa esiteti ya Vizara anthu amacheka khungwa la mitengo ya mphira m'mamawa, ndipo madzi oyera ngati mkaka amadonthera m'timakapu. Mukawasiya pa mphepo amagwirana n'kusanduka mphira. Opanga madzi omata amasakaniza utomoni wotere, kapena wina wopangidwa m'fakitale, ndi mankhwala ouletsa kugwirana msanga, kawirikawiri amoniya, nathiramo tizidutswa ting'onoting'ono. Mtundu wachiwiri mulibe utomoni. Ndi madzi olendera okhala ndi timaulusi ndi tizidutswa ta mphira, ndipo wodziwika kwambiri ndi wobiriwira uja wotchedwa Slime, umene unayamba kupangidwa ku California mu 1989.

Kagwiridwe ka ntchito kake kamafanana ndi ka magazi. Munthu akadzicheka pang'ono ndi mpeni, magazi amatuluka kanthawi, kenaka amagwirana pabalapo n'kutseka. M'gudumu namonso, pamene njinga ikuyenda, madzi aja amamwazikira kuzungulira m'kati monse, makamaka kumsana kwa tayala. Munga ukaboola, mpweya wa m'kati, umene uli wopanikizika, umathamangira pabowopo ndipo umakankha madziwo patsogolo pake. Tizidutswa ndi timaulusi timaunjikana pakhomo pa bowo monga zinyalala zimatsekera ngalande nthawi ya mvula, ndipo utomoni ukakumana ndi mphepo ya kunja umauma n'kumanga zonsezo pamodzi. Zimenezi zimachitika pa timphindi tochepa, nthawi zina wokwera osadziwa kanthu. Chimene amaona ndi kadontho konyowa pa tayala basi.

Apa timvetsetsane bwino. Madzi omata saletsa munga kulowa. Munga umalowa ndithu. Chimene madziwo amachita ndicho kutseka bowo mpweya usanathe. Tsono bowolo liyenera kukhala laling'ono. Opanga madzi othira m'chubu amalonjeza kutseka bowo la mamilimita 3, ndipo opanga madzi a utomoni a matayala opanda chubu amanena za mamilimita 6 kapena kuposerapo pang'ono. Minga yambiri imalowa m'muyeso umenewu. Koma kung'ambika kwa botolo losweka, kapena bowo la m'nthiti kumene madzi safikako bwino ndiponso kumene tayala limapindika nthawi zonse, kawirikawiri sikutsekeka.

Tayala lopanda chubu

Amene mumayendetsa galimoto mukudziwa kuti matayala a magalimoto ambiri a masiku ano alibe chubu. Kampani ya BFGoodrich ya ku America inalengeza tayala lotero mu 1947, ndipo pofika 1955 magalimoto atsopano ambiri a kumeneko ankatuluka nalo m'fakitale. Njinga inachedwa pa chifukwa chomveka: limu lake lili ndi mabowo ambiri a masipoko, ndipo tayala lake ndi lopyapyala. Mu 1999 kampani ya Mavic ya ku France, pamodzi ndi opanga matayala a Michelin ndi Hutchinson, inatulutsa malimu ndi matayala ogwirizana otchedwa UST, opangira njinga zokwerera m'mapiri. Mu 2001 Stan Koziatek wa ku America anayamba kugulitsa madzi a utomoni ndi malamba otsekera malimu, ndipo njira yake inafala kwambiri. Lero okwera njinga za m'mapiri ambiri anasiya chubu, ndipo a mipikisano ya pamsewu nawo anatsatira. Mu 2021 Sonny Colbrelli wa ku Italy anapambana mpikisano wa Paris–Roubaix, wotchuka ndi misewu yake ya miyala, ali pa matayala opanda chubu.

Kuchotsa chubu ndiye kuti ntchito yosunga mpweya yagwera tayala ndi limu. Kuti zimenezi zitheke kawirikawiri pamafunika zinthu zisanu. Choyamba ndi limu lopangidwira ntchitoyi, lokhala ndi timashelefu m'kati mwake pamene milomo ya tayala imakhazikika n'kugwira zolimba. Chachiwiri ndi tayala la milomo yosatamuka, lolembedwa m'mbali kuti Tubeless Ready, TLR, TR kapena UST. Chachitatu ndi tepi yapadera yosatulutsa mpweya, yotsekera mabowo a masipoko. Chachinayi ndi valavu yoima payokha, yokhala ndi mphira kutsinde kwake, imene imamangidwa pa limu ndi kanati. Chachisanu ndi madzi omata, amene amatseka timipata totsala ndi kudikirira minga.

Ubwino wake ulipo wooneka. Popeza mulibe chubu, palibe chimene limu lingatsine, ngakhale kuti kugunda mwala mwamphamvu kungathe kuboola tayala lenilenilo. Pa chifukwa chimenechi wokwera angathe kuchepetsa mpweya, ndipo tayala lofewerapo limagwira bwino pa mchenga, pa miyala ndi pa matope, komanso silimugwedeza kwambiri wokwera. Madzi omata nawo amagwira bwino ntchito m'tayala lopanda chubu kusiyana ndi m'chubu, chifukwa khungu la tayala ndi lochindikala ndipo silitamuka monga chubu. Bowo likakula pang'ono, mungathe kulowetsamo kachingwe ka mphira komata ndi chisingano chake, monga amachitira okonza matayala a galimoto, osavula gudumu.

Kavekedwe kake ndi kotere. Mumatsuka limu ndi kuliumitsa, n'kukulunga tepi moikoka bwino kuzungulira limu lonse, mapeto ake apitirirane masentimita 10. Mumaboola kabowo kakang'ono pa malo a valavu, n'kuilowetsa ndi kuimanga ndi zala zokha. Kenaka mumaveka tayala ndi kupaka madzi a sopo m'milomo yake kuti itereke. Gawo lovuta ndilo kupopa koyamba, chifukwa pamafunika mpweya wambiri wolowa nthawi imodzi kuti ukankhire milomo ya tayala pa timashelefu tija. Kapampu ka m'manja kawirikawiri sikakwanitsa, ndipo ambiri amapita pa makina opopera matayala. Milomo ikakhazikika mumamva kulira kuti tha! tha! Pamenepo mumaphwetsa tayala, kuchotsa kamtima ka valavu ndi kuthira madzi omata: mamililita 60 mpaka 120 pa tayala lalikulu la njinga ya m'mapiri, ndipo 30 mpaka 60 pa tayala lowonda la mpikisano. Supuni yaikulu yoyezera imalowa mamililita 15, choncho 60 ndi masupuni 4. Mukapopanso, zunguzani gudumu ndi kuligwedeza mbali zonse. Chenjezo lalikulu ndi ili: musapyole nambala ya mpweya yolembedwa pa tayala ndi pa limu, ndipo manambalawo akasiyana tsatirani yaing'onoyo.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Madzi a utomoni amauma m'kati mwa tayala pakapita miyezi 2 kufikira 6, ndipo kukatentha amauma msanga. Ndiye kuti wa ku Chigwa cha Shire kapena wa m'mbali mwa nyanja, m'mwezi wa Okutobala, ayenera kuyang'ana madzi ake pafupipafupi kuposa wa ku Dedza kapena ku Mzuzu. Madzi akauma, chitetezo chatha, ngakhale tayala likuoneka bwinobwino kunja. Tayala lopanda chubu limatayanso mpweya msanga pang'ono, kotero lifunika kulipima musananyamuke. Ndipo chodabwitsa n'chakuti wokwera njinga yopanda chubu amayendabe ndi chubu m'thumba, chifukwa tayala likang'ambika kwambiri njira yofikira kunyumba ndiyo kuchotsa valavu ija ndi kuikamo chubu. Asanachiike ayenera kufufuza m'kati mwa tayala mosamala, pakuti mungakhale minga ingapo yakale imene madzi anaitsekera osaichotsa, ndipo yonseyo ikudikira chubu chatsopanocho.

Nanga njinga zathu za kumudzi?

Tsopano tafika pa mfundo yaikulu ya nkhani yathu. Njinga zambiri za m'midzi mwathu ndi zija zazitali zakuda za mabuleki a zitsulo, monga Hero, Avon, Phoenix ndi Humber, za magudumu a mainchesi 28. Malimu ake ndi achitsulo cha khoma limodzi, mitu ya masipoko ili poyera m'kati, ndipo alibe timashelefu togwira milomo ya tayala. Matayala akenso anapangidwa kuti aziyenda ndi chubu. Pa njinga yotere chubu chili ndi ntchito yachiwiri imene ambiri saidziwa: chimakanikiza milomo ya tayala ku limu. Mukachichotsa, ngakhale mutakwanitsa kuti mpweya ukhalemo kwa kanthawi, tayala lingathe kutulutsa mpweya wonse mwadzidzidzi pokhota, kapena kuvuka pa limu. Taganizani zimenezi zikuchitika pa gudumu la kutsogolo, pamtsetse, kumbuyo kuli thumba la makilogalamu 50 kapena mayi wobereka mwana.

Choncho wina akakuuzani kuti angathe kusandutsa njinga yanu ya mtundu umenewu kukhala yopanda chubu, kanani mwaulemu. Chimodzimodzinso inu amene munagula njinga za m'mapiri za kaunjika: kukhala ndi matayala a zigoli zikuluzikulu sikutanthauza kuti gudumulo ndi loyenera. Werengani zolembedwa pa tayala ndi pa limu, ndipo ngati palibe mawu tatchula aja, funsani mmisiri wodziwa. Safunsa anadya phula.

Njira yoyenera njinga zathu ndiyo kusiya chubu m'malo mwake ndi kuthira madzi omata m'chubumo. Pogula, onetsetsani kuti botolo likunena kuti ndi la machubu, chifukwa a matayala opanda chubu ndi a galimoto amakhala osiyana. Mtundu wa timaulusi uja ndiwo umakhalitsa m'chubu. Opanga ake amati umagwira ntchito mpaka zaka 2.

Yambani ndi kuyang'ana valavu. Mavalavu a njinga alipo atatu. Ya Dunlop, imene ena amaitcha Woods, ndiyo ili pa njinga zambiri za kumudzi. Mukamasula kanati ka pamwamba, kamtima kake, kaja kamavala kamphira kakang'ono, kamasololoka mosavuta. Ya Schrader ndi yofanana ndi ya galimoto, ndipo kamtima kake kamamasulidwa ndi kachitsulo kapadera, kamene nthawi zambiri kamabwera ndi botolo. Ya Presta ndi yowonda, ndipo ina kamtima kake sikachoka, kotero simungathiremo madzi mosavuta.

Mukachotsa kamtima ndi kutulutsa mpweya wonse, zunguzani gudumu kuti valavu ikhale cha kumtunda pang'ono. Lumikizani kapaipi ka botolo ku valavu ndi kufinya pang'onopang'ono. Muyeso wolembedwa pa botolo ndiwo muutsatire. Pa tayala la njinga wamba umakhala pafupifupi mamililita 120, ndiwo masupuni 8. Pukutani m'kamwa mwa valavu, bwezerani kamtima, popani, ndipo zunguzani gudumu kangapo kuti madzi afalikire. Tsiku limene mwaona munga uli pa tayala, uzuleni, n'kuzunguza gudumu msangamsanga kapena kutembenuzira bowolo pansi kuti madzi asonkhane pamenepo. Mpweya ukasiya kutuluka, onjezerani umene watayika ndi kupitiriza ulendo.

Pali zinthu zitatu zoyenera kusamala. Choyamba, madzi omata amatha kutseka valavu. Popopa kapena pophwetsa, valavu isakhale pansi penipeni pamene madzi adikha, ndipo ikayamba kulimba chotsani kamtima ndi kukatsuka m'madzi. Chachiwiri, chigamba sichigwira pa chubu chonyowa ndi madzi omata. Mukapita kwa okonza njinga, auzeni msanga kuti m'chubumo muli madzi, kuti afinyire madziwo kutali ndi bowo, atsuke, aumitse ndi kupala bwino asanapake ulimbo. Mukabisa, adzamata kawiri katatu osagwira, ndipo mudzakangana pachabe. Chachitatu, wina angaganize zothira phala la chinangwa, utoto kapena ulimbo wa nsapato poyesa kupulumutsa ndalama. Zotere zimaundana malo amodzi, zimatseka valavu, ndipo zina zimaononga mphira wa chubu.

Kumbukiraninso njira zinayi zija. Madzi a m'chubu sathandiza kwenikweni pa mabowo awiri otsinidwa ndi limu, chifukwa amakhala aatali ndiponso a m'mbali. Sathandizanso pa bowo la mutu wa sipoko, pakuti gudumu likamazungulira madzi amathawira kumsana, pamene bowolo lili kumimba.

Kodi n'koyenera kugula?

Yankho lili m'kope lanu. Kwa mwezi umodzi lembani kuti tayala laphwa kangati, ndipo nthawi iliyonse yang'anani bowo kuti mudziwe mtundu wake. Lembaninso ndalama zimene mwalipira pomatitsa, ndipo ngati ndinu wakabaza kapena wogulitsa malonda, onjezerani ndalama za maulendo amene munataya muli pansi pa mtengo kudikira chigamba. Mukapeza kuti mabowo ambiri ndi a minga, ndipo ndalamazo pa miyezi ingapo zikuposa mtengo wa botolo, guleni. Anthu awiri kapena atatu angathe kusonkherana botolo lalikulu n'kugawana. Koma mukapeza kuti mabowo ambiri ndi awiriawiri kapena a kumimba, ndalama yanu ipite ku pampu yabwino ndi lamba watsopano wa pa limu. Madzi omata sapezeka m'sitolo iliyonse, makamaka kutali ndi mizinda, choncho ganiziraninso ngati mudzatha kuwapeza kachiwiri.

Kaya mwagula kaya simunagule, pali zizolowezi zosalira ndalama zambiri zimene zimateteza tayala lililonse. Pimani mpweya m'mawa uliwonse, ndipo mukanyamula katundu wolemera onjezerani mpweya ku gudumu la kumbuyo, osapyola nambala ya pa tayala. Madzulo zunguzani gudumu pang'onopang'ono ndi kuzula timinga ndi timagalasi tisanalowe kwambiri, pakuti kambiri kamunga kamatenga masiku kakuyenda pang'onopang'ono kasanafike pa chubu. Mukamata chubu, musachibwezere musanapeze chimene chinachiboola. Povula tayala musagwiritse ntchito sikuludilaiva kapena chitsulo chakuthwa. Njinga isamakhale padzuwa tsiku lonse popanda chifukwa, popeza dzuwa limang'ambitsa mphira. Ndipo tayala likasalala mpaka ulusi kuoneka, nthawi yake yakwana. Madzi omata sangalibwezere unyamata.

Tisanatsazikane tibwereze mwachidule. Madzi omata amatseka mabowo ang'onoang'ono a minga ndi misomali a kumsana kwa tayala. Tayala lopanda chubu ndi labwino ndithu, koma limafuna limu lake, tayala lake, tepi, valavu ndi madzi ongoonjezera pakapita miyezi yochepa, ndipo njinga zathu zazitali za mainchesi 28 sizinapangidwire zimenezo. Kwa ambiri a ife njira yotetezeka ndiyo chubu chabwino, mpweya wokwanira, lamba wamphumphu pa limu, ndi madzi omata m'chubu kwa iwo amene amayenda m'njira za minga.

Inu aphunzitsi, nkhaniyi ingakuthandizeni pophunzitsa za mphamvu ya mpweya wopanikizika: chubu chakale, beseni la madzi ndi pampu ndi zokwanira kuti ana aone ndi maso awo kumene mpweya umathamangira. Inu amisiri okonza njinga, tikufuna kumva zimene mwaona pa ntchito yanu, makamaka mtundu wa mabowo amene amachuluka m'dera lanu ndi nyengo imene amachuluka. Tilembereni makalata kuno ku nyumba ya mphepo, ndipo mafunso anu tidzawayankha m'pologalamu ikubwerayi.